Mfuti ikalira m'chipatala: mmene zipatala za ku America zimakonzekerera

Pa 1 Juni 2022, munthu wina analowa m'nyumba ya Natalie pa chipatala cha Saint Francis, mumzinda wa Tulsa ku Oklahoma, atanyamula mfuti ziwiri. Anali wodwala wa pamalo pomwepo. Anamuchita opaleshoni ya msana masabata awiri m'mbuyomo, ululu sunathe, ndipo mlandu wonse anausenzetsa dokotala amene anamuchita opaleshoniyo. Mfuti yaikulu anaigula tsiku lomwelo. Apolisi anafika patangodutsa mphindi pafupifupi zinayi chilandirireni foni yoyamba, komwe kuli kufulumira kwenikweni, komabe anthu anayi anaphedwa, awiri mwa iwo madokotala, ndipo wowomberayo anadzipha.

Mphindi zinayi zimenezo ndizo phata la nkhani yonse. Bungwe la FBI, lofufuza milandu la boma la America, litafufuza zochitika 160 za anthu owombera pagulu pakati pa 2000 ndi 2013, linapeza kuti pa zochitika 63 zimene nthawi yake inadziwika, 44 zinatha m'mphindi zisanu kapena zocheperapo. Zambiri mwa 160 zija zinatha apolisi asanafike n'komwe. Choncho amene amapulumutsa anthu pa nthawi yoopsayo ndi namwino, wokolopa, mlonda ndi kalaliki wa pakhomo, pogwiritsa ntchito zimene anakonzeratu kale. Chimene sichinakonzedwe dzulo sichingakonzedwe mfuti ikulira.

Amene amawombera m'chipatala ndani

Anthu ambiri akamva za kuwomberana ku America amaganiza za munthu wosadziwika wolowa pamalo n'kumangowombera aliyense. M'zipatala si mmene zimakhalira kawirikawiri. Gabor Kelen ndi anzake a pa yunivesite ya Johns Hopkins anasindikiza kafukufuku mu 2012 wa kuwomberana 154 kumene kunachitika m'zipatala za dzikolo kuyambira 2000 mpaka 2011, kumene kunapha kapena kuvulaza anthu 235. Anapeza kuti ambiri mwa owomberawo anabwera akudziwa amene akumufuna. Pa zochitika 100 zilizonse, 27 zinali za munthu wosunga mangawa, 21 zinali za wofuna kudzipha, 14 zinali za wofuna kupha m'bale wake wodwala kwambiri poti akuti asavutikenso, ndipo 11 zinali za mkaidi wofuna kuthawa.

Zochitika zodziwika bwino zikugwirizana nazo. Ku Boston mu Januwale 2015, pa chipatala cha Brigham and Women's, dokotala wa opaleshoni ya mtima anaphedwa ndi mwana wa mayi wina amene dokotalayo anamuthandiza koma pambuyo pake anamwalira. Ku Chicago mu Novembala 2018, pa chipatala cha Mercy, dokotala wamkazi anawomberedwa pamalo oimika magalimoto ndi mwamuna amene ukwati wawo unali utalephereka, kenako mwamunayo analowa m'chipatala n'kupha anthu ena awiri, mmodzi wapolisi. Ku New York mu Juni 2017, pa chipatala cha Bronx-Lebanon, wowombera anali dokotala amene kale ankagwira ntchito pomwepo. Mfuti anaibisa m'kati mwa chikhoti choyera cha udokotala, anapha dokotala mnzake ndi kuvulaza ena 6.

Malo nawonso ali ndi phunziro. Mu kafukufuku wa Kelen, zochitika 41 pa 100 zilizonse zinachitikira panja pa nyumba. Malo amene anatsogola anali kolandirira odwala mwadzidzidzi, 29 pa 100, kenako poimika magalimoto, 23, ndi m'zipinda za odwala, 19. N'chifukwa chake makina ofufuza zitsulo oikidwa pakhomo, ngakhale ali othandiza, sayenera kuonedwa ngati mankhwala a vuto lonse. Sangateteze namwino amene akuyenda yekha usiku kupita ku galimoto yake, ndipo amakhala opanda ntchito ngati chipatala chili ndi makomo ena khumi osayang'aniridwa, kuphatikizapo lolowera ambulansi ndi la ogwira ntchito.

Pali chiwerengero china chimene akuluakulu a zipatala ayenera kuchilingalira mofatsa asanaganize zopatsa alonda mfuti. Pa kuwomberana kumene kunachitika kolandirira odwala mwadzidzidzi, 23 pa 100 kunachitika ndi mfuti yolandidwa kwa wachitetezo. Vutoli si la ku America kokha. Mu Meyi 2022, pa chipatala cha New Somerset ku Cape Town, ku South Africa, wodwala wina analanda mfuti ya wapolisi amene ankalondera wodwala mnzake, n'kupha wapolisiyo ndi odwala awiri. Kulikonse kumene apolisi kapena oyang'anira ndende amaperekeza akaidi kuchipatala, kuphatikizapo kwathu kuno, mfuti imalowa mu wodi mwalamulo, ndipo funso limakhala lakuti ili m'chikwama chovuta kusolola kapena ayi, woinyamulayo wakhala patali bwanji ndi bedi, ndiponso ngati alipo awiri kuti mmodzi akamasula unyolo wina akhale atayima potero.

Thawa, bisala, limbana naye, nanga wodwala?

Malangizo amene boma la America limaphunzitsa m'maofesi ndi m'masitolo ndi a mawu atatu, Run, Hide, Fight. Ngati njira ilipo, thawa, katundu umusiye, ndipo usadikire kuti anzako avomereze. Ngati njira palibe, bisala m'chipinda chokhomeka, zimitsa magetsi, tontholetsa foni. Ngati wakupeza ndipo palibenso kochitira, limbana naye ndi mphamvu zonse, ndi chilichonse chimene chili pafupi, makamaka muli angapo.

Malangizowa ndi abwino kwa ambiri ogwira ntchito m'chipatala: a kukhitchini, a ku ofesi ya malipiro, a kochapira, alendo ndi odwala oyenda okha. Koma amasiya funso lalikulu losayankhidwa. Dokotala amene watsegula mimba ya munthu ku fiyeta athawa bwanji? Nanga mzamba amene mutu wa mwana waonekera kale? Wodwala amene akupumira makina, khanda lobadwa masiku asanakwane, wogwidwa ndi makina osefa magazi, onsewa sangathawe ndipo ena sangasunthidwe n'komwe. Anamwino ambiri akafunsidwa amanena poyera kuti sangawasiye. Kuwaphunzitsa kuti "thawani" popanda kuwauza china n'kuwasiya kuti adzasankhe okha chinthu cholemera chotere ali pakati pa mantha.

Mu 2018, madokotala anayi a opaleshoni ya ovulala, Kenji Inaba, Alexander Eastman, Lenworth Jacobs ndi Kenneth Mattox, analemba m'magazini ya New England Journal of Medicine njira ina ya malo oterewa, imene anaitcha Secure, Preserve, Fight. Choyamba n'kutseka malo onse amene moyo wa wodwala umadalira chithandizo chosalekeza: fiyeta, chipinda cha odwala mwakayakaya, chochirira amayi, nazale. Zitseko zikhomedwe, magetsi achepetsedwe, mafoni atontholetsedwe. Chachiwiri n'kusunga moyo, wa wodwala ndi wa womuthandiza yemwe: kuchoka pa mawindo ndi pa zitseko, kusuntha odwala amene angasunthike, ndi kuchita zokhazo zimene popanda izo munthu angafe. Ku fiyeta zikutanthauza kuti opaleshoni imene sinayambe isayambe, imene ingaimitsidwe iimitsidwe, ndipo imene ili pakati dokotala aletse magazi, atseke mwachidule, zotsalazo adzamalize pambuyo. Kulimbana kumabwera pomalizira penipeni.

Apa tiyenera kunena momveka. Palibe chipatala chimene chiyenera kulamula wogwira ntchito kuti afe pamodzi ndi wodwala, ndipo wothawa sayenera kudzatchedwa wamantha kapena kuimbidwa mlandu wothawa ntchito. Namwino wamoyo ndi amene adzamange mabala kuwomberako kukatha. Koma ngati chipatala chikudziwa kuti antchito ake ena adzatsala, chili ndi ngongole yowapatsa chitseko chokhomeka.

Zitseko

Chipatala chinamangidwa kuti anthu alowe mosavuta usana ndi usiku, ndi kuti namwino afike msanga pa bedi. Zitseko za zipinda zambiri za odwala zilibe loko, dala, kuopa kuti wodwala angadzitsekere n'kukomokera m'katimo. Za chipinda cha odwala mwakayakaya nthawi zambiri zimakhala zagalasi. Malamulo a moto nawo amafuna kuti anthu athe kutuluka nthawi iliyonse. Choncho mawu akuti "bisalani m'chipinda chokhomeka" amangokhala papepala mpaka wina atayenda wodi ndi wodi, kugwira chitseko chilichonse, n'kulemba zinthu zitatu: chimakhomeka kapena ayi, chimatsegukira m'kati kapena kunja, ndipo kiyi amasunga ndani usiku.

Kawirikawiri zipinda zokhomeka mu wodi zimakhala chosungira mankhwala, chosungira katundu, zimbudzi za antchito ndi ofesi ya namwino wamkulu. Chitseko chotsegukira m'kati chingatchingidwe ndi bedi la wodwala, ndipo bedi la m'chipatala ndi lolemera mokwanira malinga ngati mabuleki a mawilo ake atsekedwa. Anthu ambiri poyeserera amaiwala mabulekiwo, bedi n'kumangotsetsereka chitseko chikakankhidwa. Chotsegukira kunja sichitchingika ndi katundu. Chimafuna kumanga ndi lamba kapena chingwe pa mkono wachitsulo umene umachibweza kumwamba kuja, kapena pa chogwirira. Antchito ayeneranso kudziwa kusiyana kwa chobisa ndi choteteza. Katani imabisa munthu koma siletsa chipolopolo, ndipo makoma ambiri a m'kati mwa zipatala za ku America ndi a mabolodi opyapyala amene chipolopolo cha mfuti yaikulu chimaboola. N'chifukwa chake wobisala amagona kapena kukhala pansi, kumbali kwa chitseko, osati moyang'anizana nacho.

Belu la moto lisaimbidwe ngati palibe moto. M'nyumba zambiri belulo likalira, maloko a magetsi amatseguka okha, zikepe zimatsikira pansi n'kuima, ndipo anthu amatuluka m'zipinda kudzaza makonde momwe muli wowomberayo.

Kulengeza

Kwa zaka zambiri zipatala za ku America zakhala zikulengeza ngozi ndi mayina a mitundu, ndipo zambiri zimati Code Silver pakakhala munthu wa chida. Cholinga chinali chosaopsa odwala. Vuto n'lakuti mawu obisikawa sali ofanana m'zipatala zonse, anamwino ambiri amagwira ntchito m'malo angapo, ndipo mlendo amene wabwera kudzaona mayi ake sangadziwe kuti akuuzidwa kuti athawe. Zipatala zambiri tsopano zasintha n'kuyamba kulengeza m'mawu omveka: pali munthu akuwombera, ali pa nsanjika yakuti, mbali yakuti, thawani kapena bisalani. Kutchula malo n'kofunika kuposa china chilichonse, chifukwa amene ali kutali amathawa, amene ali pafupi amatseka.

Chimene chimachedwetsa kawirikawiri si zokuzira mawu koma chilolezo. Ngati wolandira mafoni ayenera kufunsa kaye bwana, bwanayo n'kufunsa mkulu wa chitetezo, mphindi zitatu zapita. Ndondomeko yabwino imapatsa wolandira mafoni mphamvu yolengeza yekha, imamupatsa mawu olembedwa kale, ndipo imatumiza uthenga womwewo pa mafoni ndi pa makompyuta, poti ku fiyeta ndi kumalo ojambulira zokuzira mawu sizimveka bwino. Woimbira apolisi pa 911 anene malo enieni, chiwerengero cha owombera, zovala zawo, mtundu wa mfuti ndi ovulala amene wawaona. Ngati sangalankhule, asadule foniyo.

Apolisi akafika

Chichitikireni kuwomberana kwa pa sukulu ya Columbine mu 1999, pamene apolisi anazinga nyumba n'kumadikira gulu lapadera anthu akufa m'kati, apolisi a ku America amaphunzitsidwa kulowa nthawi yomweyo n'kulunjika kumene kukumveka mfuti. Oyamba kulowawo saima pa ovulala. Izi zimawawa kuziona, makamaka kwa anthu a zachipatala, ndipo ndi bwino kuzidziwiratu. Wokumana nawo akweze manja opanda kanthu, zala zotambasula, asawagwire, asawathamangire, asaloze. Chikhoti choyera kapena yunifolomu si umboni wakuti munthu si wowombera, monga zinaonekera ku Bronx.

Chipatala chachikulu n'chosokoneza kwa munthu wachilendo: nyumba zolumikizana, nsanjika zosagwirizana manambala, zitseko zofuna khadi. Zipatala zokonzeka zimasunga pakhomo chikwama cha apolisi chokhala ndi makiyi otsegula paliponse, makhadi, mapu a nsanjika iliyonse ndi wailesi yolumikizana ndi alonda, ndipo zimaitana apolisi kudzayendera nyumbayo nthawi ya mtendere. Pamapuwo payenera kuonekera malo awiri oopsa. Ena ndi mapaipi ndi masilinda a okosijeni. Ena ndi chipinda cha MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi, chifukwa maginito ake sazima ngakhale makina sakujambula, ndipo angathe kusolola mfuti m'manja mwa wapolisi.

Magazi

Munthu wowomberedwa pa mtsempha waukulu angathe kufa ndi kutaya magazi m'mphindi zisanu. Ana a sukulu ya Sandy Hook ataphedwa mu Disembala 2012, madokotala, apolisi ndi ozimitsa moto anakumana mu 2013 n'kugwirizana mfundo zotchedwa Hartford Consensus, ndipo kuchokera pamenepo mu 2015 panabadwa ntchito yophunzitsa anthu wamba kuletsa magazi, yotchedwa Stop the Bleed. Wina angaganize kuti chipatala sichifunika phunziro lotere. Chimafunika. Zipangizo zoletsera magazi zimakhala kolandirira ovulala ndi ku fiyeta, pamene munthu angawomberedwe pa nsanjika ya 16, zikepe zitaima, makonde atatsekedwa, ndipo gulu lothamangira odwala mwadzidzidzi litaletsedwa kuyenda. Dokotala wa khungu kapena wa maso angakhale atatha zaka zambiri osamangapo bala la mfuti.

Choncho timabokosi toletsera magazi timapachikidwa m'makonde, nthawi zambiri pafupi ndi makina odzutsira mtima. M'kati mumakhala tourniquet, lomwe ndi lamba wokhala ndi kamtengo kopotokolera, nsalu yolongedza m'bala, bandeji yothinitsa, magolovesi, sizasi ndi cholembera. Pa mkono kapena mwendo, lambayo amangidwe masentimita 5 mpaka 8 pamwamba pa bala, osati pa bondo kapena pa chigongono, ndipo apotokoledwe mpaka magazi atasiyiratu. Nthawi ilembedwe. Kulakwitsa kofala n'kumanga mofooka chifukwa wovulalayo akukuwa ndi ululu. Lamba wofooka amatseka mitsempha yobwezera magazi n'kusiya yobweretsa, ndipo magazi amatuluka kwambiri kuposa poyamba. Kwina n'kumasula kuti aone ngati asiya. Asamasulidwe mpaka wovulalayo atafika kwa oti amuchite opaleshoni, ndipo ngati mmodzi sanakwanire, wachiwiri amangidwe pamwamba pake. Pa bala la m'khwapa kapena la m'mphechepeche, pamene lamba sangagwire, nsalu ilongedzedwe m'kati mwa bala mpaka litadzaza, kenako kukanikiza ndi manja awiri kwa mphindi zosachepera zitatu ngati nsaluyo ili ndi mankhwala oumitsa magazi, kapena mphindi khumi ngati ndi nsalu wamba. Bala la pachifuwa kapena pamimba salilongedza. Wotereyo amafunika fiyeta msanga.

Miyezi ya m'mbuyo

Gawo limene limapulumutsa anthu ambiri ndi losaoneka. FBI itafufuza mu 2018 za moyo wa owombera 63, inapeza kuti aliyense anaonetsa zizindikiro zodetsa nkhawa pafupifupi zisanu zimene anthu omuzungulira anaziona, ndipo pa amene nthawi yawo yokonzekera inadziwika, 77 pa 100 anatha sabata kapena kupitirira akulingalira chiwembucho. Vuto la m'zipatala n'lakuti antchito anazolowera nkhanza. Ziwerengero za boma la America za 2018 zinaonetsa kuti pa anthu 100 alionse ovulala pantchito chifukwa cha nkhanza koma osafa, 73 anali a ntchito zaumoyo ndi zosamalira anthu. Munthu amene amatukwanidwa sabata iliyonse amasiya kulemba malipoti, ndipo mawu akuti "ndidzabweranso, mudzandiona" amangopita ndi mphepo.

Kuyambira pa 1 Januwale 2022, bungwe la Joint Commission, limene limayendera ndi kuvomereza zipatala zambiri za dzikolo, limafuna kuti chipatala chikhale ndi munthu wotsogolera ntchito yopewa nkhanza, njira yoperekera malipoti, kuunika malo chaka ndi chaka, ndi maphunziro a antchito. Pakati pa zonsezi pamakhala kagulu kounika ziopsezo, kokhala ndi wachitetezo, woona za antchito, loya, katswiri wa matenda a maganizo ndi namwino wamkulu. Lipoti likafika, kaguluko kamafunsa ngati munthuyo watchula dzina la amene akumufuna, ngati ali ndi mfuti, ngati wangotaya kumene chinthu chachikulu monga ntchito, banja kapena m'bale, ndiponso ngati khalidwe lake likukula. Mayankho angakhale kuika chizindikiro mu fayilo ya wodwala, kumusinthira dokotala, kumuonera m'chipinda cha makomo awiri mlonda ali pafupi, kapena kudziwitsa apolisi. Nthawi zina yankho limakhala kungomvetsera dandaulo lake bwinobwino ndi kumuthandiza ululu umene ukumuvuta.

Nkhanza za m'banja zimafuna chisamaliro chapadera, chifukwa mkazi angasamuke nyumba, angasinthe nambala ya foni, koma mwamuna womuzunza amadziwa kumene amagwira ntchito ndi nthawi imene amaweruka. Zinachitikanso pa chipatala cha Tembisa ku South Africa mu Febuluwale 2022, pamene namwino anawomberedwa poimika magalimoto ndi wapolisi amene anali naye pachibwenzi. Wogwira ntchito ayenera kukhala ndi munthu womuuza zoterezi mwachinsinsi, osaopa kuchotsedwa ntchito kapena kukhala nkhani ya mu wodi, kuti apatsidwe malo oimika galimoto pafupi ndi khomo, womuperekeza, ndipo alonda apatsidwe chithunzi cha munthuyo. Wochotsedwa ntchito naye khadi lake lolowera lizimitsidwe tsiku lomwelo.

Kuyeserera

Kuyeserera n'kofunika, koma kungathe kuvulaza. Mu Disembala 2022, pa Hawthorn Center, chipatala cha boma cha ana odwala maganizo ku Michigan, analengeza kuti mwalowa anthu a mfuti popanda kuuza antchito ambiri kapena apolisi a m'deralo kuti n'kuyeserera chabe. Antchito anatchinga zitseko pamodzi ndi ana, ena anaimbira 911, ena anatsanzika abale awo pa foni, ndipo apolisi anabwera ndi mfuti zenizeni. Boma la Michigan linavomera kulipira madola 13 miliyoni. Kuyeserera kodzidzimutsa kotere sikuphunzitsa munthu chilichonse chimene sakanaphunzira atauzidwiratu, ndipo kumachititsa kuti tsiku lenileni anthu ayambe ndi kufunsana ngati ndi zoona.

Njira yothandiza ndi yaing'ono ndiponso yobwerezabwereza. Akuluakulu amakhala patebulo ndi apolisi n'kukambirana chochitika chongoyerekeza, mpaka kufika pa mafunso ovuta a pambuyo pake: ambulansi zipatutsidwira kuti, abale a odwala adikirira kuti, wodi imene yasanduka malo a umboni wa apolisi odwala ake apita kuti, ndani alowa m'malo mwa antchito amene sangathe kupitiriza shifiti, ndipo uphungu adzaupeza kwa ndani m'miyezi yotsatira. Mu wodi, mphindi khumi pa nthawi yosinthana zimakwana: namwino wamkulu afunse aliyense makomo awiri otulukira, chipinda chokhomeka chapafupi, malo a kabokosi ka magazi, ndi odwala amene lero sangasunthidwe. Zichitikenso usiku ndi Loweruka, pamene antchito amakhala ochepa ndipo maofesi osunga makiyi amakhala otseka, ndipo okolopa, ophunzira ndi antchito aganyu asasiyidwe.